Lianqiao, chipatso chowawa cha ku China: chimachiza chiyani, nanga mwana angamwe?

Funso: Mlamu wanga amapita ku Guangzhou kukaoda katundu, ndipo ulendo wathawu watibweretsera timabokosi tiwiri ta mankhwala a chimfine. Kena kalembedwa kuti Lianhua Qingwen, kena VC Yinqiao. Pa mndandanda wa zosakaniza, tonse tiwiri tili ndi dzina lakuti Forsythia. Akuti ku China aliyense amamwa akangoyamba kumva m'thupi. Kodi Forsythia ndi chiyani, ndipo imachizadi? Ndili ndi mwana wa zaka zitatu amene amatentha thupi pafupipafupi, komanso bambo a kunyumba ali ndi BP. Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatsegule timabokosito. Ndiyambe ndi zachangu. Mwana wa zaka zitatu akatentha thupi kuno kwathu, musamupatse mankhwala awiriwa. Mupite naye akamuyeze malungo tsiku lomwelo. Bambo a BP asamwe Lianhua Qingwen asanaonane ndi adokotala awo. Zifukwa zake ndifotokoza m'munsimu. Koma sindikufuna kuti mungochoka ndi mantha, chifukwa chipatso chimene mwafunsachi ndi mankhwala enieni, okhala ndi mbiri yaitali, ndipo ine amene ndinachiona ndi kuchilawa pamene ndinali pa maphunziro a za mankhwala ku China ndimachilemekeza kwambiri.

Forsythia ndi dzina la m'mabuku a azungu. Linachokera kwa William Forsyth, munthu wa ku Scotland amene ankayang'anira minda ya mfumu ya ku Britain ndipo anamwalira mu 1804. Iyeyo sanakhudzepo za mankhwalawa, anangopatsidwa ulemu wa dzina. Eni ake amachitchula kuti lianqiao, ndipo ndi dzina limene ndizitchula pano, chifukwa alamu anuwo akakafunsa m'sitolo ya mankhwala ku Guangzhou ndi limene ogulitsa adzalimve. Mtundu umene amatengako mankhwala ndi Forsythia suspensa, wa m'banja limodzi ndi mtengo wa azitona. Ndi chitsamba cha nthambi zazitali zowerama, zobowoka mkati, chimene chimamera chokha m'mapiri a kumpoto ndi pakati pa China, makamaka m'zigawo za Shanxi, Henan, Shaanxi ndi Hebei. Maboma ang'onoang'ono monga Anze ku Shanxi ndi Lushi ku Henan amadziwika nacho monga mmene Karonga amadziwikira ndi mpunga wa Kilombero. Chisanu cha kumeneko chikamatha, cha m'ma Marichi ndi Epulo, chitsambachi chimachita maluwa masamba asanaphuke, phiri lonse n'kukhala chikasu chokhachokha.

Mankhwala si maluwawo ayi, ndi chipatso. Ndipo musaganize za chipatso chofewa ngati suku. Ndi kakhoko kouma, kotalika ngati mfundo imodzi ya chala, kosongoka kunsonga, kokhala ndi timatuza ting'onoting'ono pakhungu pake. Amene munakololapo chitowe mungakazindikire msanga, chifukwa kakakhwima kamang'ambika pakati n'kuyasamula ngati mlomo wa mbalame, timbewu n'kutayika.

Nthawi yoyamba imene ndinachiona munali m'sitolo ya mankhwala azitsamba, mmene khoma lonse ndi timadilowa tamatabwa mazanamazana, kalikonse ndi dzina lake. Bambo wachikulire amene ankayeza mankhwala pa kasikelo ka m'manja anakoka kadilowa kamodzi, natapa pang'ono, n'kundithira m'dzanja mitundu iwiri. Wina unali wobiriwira modera, wolemererako, wotsekeka, mbewu zili mkati. Wina unali wachikasu mofiirira, wopepuka, woyasamula, wophwanyika ndi zala. Anandiuza kuti ndinunkhize. Wobiriwirawo unali ndi kafungo kabwino ngati ka utomoni wa paini. Nditatafuna, kuwawa kwake kunakhala kukhosi mpaka madzulo, ngakhale sikufika pa nimu.

Wobiriwirawo amati qingqiao. Amathyola chipatso chikangoyamba kukhwima, nyengo yotentha ya kumeneko ikamatha, n'kuchifutsa: amachiphika ndi nthunzi pang'ono kenako n'kuchiyanika padzuwa, monga mmene amayi amachitira ndi mfutso wa khwanya kuti usawole ndipo usunge mphamvu. Wachikasuwo amati laoqiao, kutanthauza kuti wokalamba. Amausiya ukhwimire pachitsamba mpaka cha mu Okutobala, n'kungouyanika. Mabuku a boma la China amavomereza yonse iwiri, koma akauyeza, wobiriwira ndi umene umapezeka ndi mankhwala ambiri a mtundu wina wotchedwa forsythoside A. Chifukwa choti mtengo wake pamsika umakwera, anthu ena amathamangira kuthyola chipatso chisanafike, ndipo maboma a m'maderawo amachita kuika tsiku loyambira kuthyola. Mbewu zake amazipatulanso padera, amati lianqiao xin, mtima wa lianqiao, ndipo amazipereka kwa wodwala amene watentha thupi mpaka kusowa tulo ndi kubwebweta.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni: amati chimachiza chiyani? Apa pafunika kumvetsa kaganizidwe ka eni ake, apo ayi tingomwa mwachimbulimbuli. Asing'anga a ku China, amene masiku ano ambiri amaphunzira zaka zisanu ku yunivesite, amagawa matenda ndi mankhwala kuti awa ndi otentha, awa ndi ozizira. Kwathu tikamva kuti munthu ndi wotentha kapena wozizira timaganiza za mdulo ndi tsempho. Zawozi ndi zina, sizikhudzana ndi za m'banja. Kwa iwo nthenda yotentha ndi imene imafiiritsa, kutupitsa, kuumitsa kukhosi ndi kuchititsa ludzu. Lianqiao amati ndi wowawa, wozizira pang'ono, ndipo mphamvu yake imapita ku mapapo, ku mtima ndi ku matumbo aang'ono. Ntchito zake amazitchula zitatu: kuchotsa kutentha ndi ululu wa nthenda, kuphwetsa chotupa ndi kumwaza zophundana, komanso kubalalitsa chimene amati mphepo yotentha.

Mphepo yotenthayi ndi imene ikukhudza timabokosi tanu. Kwa sing'anga wa ku China chimfine si chimodzi. Pali munthu amene wazizidwa kwambiri, akufunda mabulangete awiri, thukuta palibe, thupi lonse likuphwanya, mamina ndi amadzimadzi, ludzu alibe. Ameneyo amati wagwidwa ndi mphepo yozizira, ndipo amampatsa zotenthetsa monga jinja ndi nthambi za sinamoni. Lianqiao sampatsa, amati umuonjezera kuzizidwa. Ndiye pali wina amene thupi latentha kuposa mmene akuzizidwira, kukhosi kwafiira psuu ndipo kumeza malovu ndi ntchito, akufuna madzi, mamina kapena makhololo ayamba chikasu, nsonga ya lilime yafiira. Ameneyu ndiye wa lianqiao, ndiponso pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, nthenda isanalowe mkati. Choncho mawu a alamu anu oti aliyense amamwa akangoyamba kumva m'thupi ndi oona pa mmene anthu wamba amachitira, koma sing'anga wodziwa ntchito yake sangavomereze. Iye amayamba waona lilime, wagwira mtsempha wa pamkono, wafunsa za thukuta, ludzu ndi chimbudzi, kenako n'kulemba mankhwala.

Nkhani ya mmene lianqiao anatchukira pa chimfine imandikhudza mtima. Kwa zaka zoposa chikwi, asing'anga ambiri a ku China ankatsatira buku la sing'anga wakale Zhang Zhongjing, lolembedwa cha m'ma 200, limene limayamba kulimbana ndi matenda otentha thupi pogwiritsa ntchito zitsamba zotenthetsa ndi zotulutsa thukuta. Koma miliri ina inkabwera yosamva njira imeneyo. Wu Jutong, amene anabadwa mu 1758 m'chigawo cha Jiangsu, bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 19, ndipo chisoni chimenecho ndi chimene chinamulowetsa m'mabuku a zamankhwala. Patangopita zaka zochepa, mwana wa m'bale wake anadwala nthenda yotentha imene inayambira kukhosi, asing'anga anayesa izi ndi izo, mwanayo n'kumwalira. Wu Jutong analemba yekha zimenezi m'mawu oyamba a buku lake lotchedwa Wenbing Tiaobian, limene analimaliza mu 1798, atathandizapo odwala pa mliri wa ku Beijing wa mu 1793. M'buku limeneli ndi mmene muli msakanizo wotchedwa Yin Qiao San, kholo la kabokosi kanu ka VC Yinqiao.

Dzinalo ndi la zitsamba ziwiri zotsogolera. Yin ndi jinyinhua, duwa la chitsamba choyanga limene limayamba loyera n'kusanduka lachikasu, n'chifukwa chake dzina lake limatanthauza duwa la golide ndi siliva. Qiao ndi lianqiao wathuyu. Ziwirizi amaziyeza mofanana, n'kuonjezera zina zocheperapo: minti, masamba a nsungwi, mbewu za niubangzi ndi muzu wa jiegeng zothandiza kukhosi, ngala za jingjie, soya wovunditsa, ndi muzu wotsekemera wa gancao. Zonse amazisinja, n'kuziphika m'madzi a mizu yaiwisi ya bango. Malangizo amene mwini wake anasiya ndi omwe ndimawakonda: fungo likangotuluka mwamphamvu, phulani mumwe, musapsereze. Ankati kuchiza mbali ya kumtunda kwa thupi kuli ngati nthenga, chopanda kupepuka sichikwera. Lero tikudziwa kuti minti, jingjie ndi mbewu za lianqiao zili ndi mafuta onunkhira amene amauluka ndi nthunzi mphika ukakhalitsa pamoto, ndiye mkuluyu anaona zoona ngakhale anazifotokoza m'mawu a nthawi yake. Wodwala kwambiri ankamumwetsa pang'onopang'ono, katatu masana ndi kamodzi usiku, osati chikho chimodzi chachikulu.

Koma lianqiao asanatchuke pa chimfine anali atatchuka kale pa zithupsa. Mabuku akale amamutcha mankhwala opatulika a anthu a zilonda. Chithupsa chikangoyamba, chofiira, chotentha, cholimba, chisanachite mafinya, amamuphatikiza ndi jinyinhua ndi zitsamba zina kuti chiphwe chisanaphulike. Amateronso ndi bere la mayi woyamwitsa likatupa ndi kufiira, khungu likafiira ndi kutentha mofalikira, ndi matsagwidi. Mabuku omwewo amaika malire: chilonda chikaphulika, mafinya n'kumatuluka amadzimadzi, wodwala ali wofooka, lianqiao asiyidwe. Ine ndionjezere za kuchipatala: chithupsa chikasonkhanitsa mafinya chimafuna kutumbulidwa, ndipo munthu wa shuga akachita chilonda kuphazi asataye ngakhale tsiku limodzi ndi zitsamba za dziko lililonse.

Pali ntchito ina imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ingatisokoneze kuno kwathu. Kuyambira m'buku lakale kwambiri la zitsamba, Shennong Bencao Jing, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, dzina la lianqiao limatchulidwa pa zotupa zophundana za m'khosi zimene Atchaina amati luoli, anabere ondandalikana ngati mikanda amene nthawi zina amaphulika n'kumachucha. Masiku ano tikudziwa kuti ambiri mwa anabere otere ndi TB ya m'khosi. Makolo a ku China analibe mankhwala a TB, ankachita zimene akanatha. Ife tili nawo, ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amene ali ndi chotupa m'khosi choposa milungu iwiri, makamaka ngati akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse TB ndi HIV. Lianqiao sapha tizilombo ta TB m'thupi la munthu. Ndingotchulako kuti akatswiri a mbiri ya zitsamba ku China apeza kuti chimene mabuku akalekale ankachitcha lianqiao mwina chinali chomera china cha mtundu wa Hypericum, ndipo chitsamba cha lerochi chinatenga malo cha m'nthawi ya mafumu akale a ku China otchedwa Song. Dzina limodzi likhoza kuyenda zaka zambiri chomera chitasintha, monga mmene dzina limodzi la mtengo limatchulira mitengo yosiyana ku Mulanje ndi ku Kasungu.

Ntchito zina ndi zazing'ono. Amamuika pang'ono m'mapiritsi a Bao He Wan a munthu amene wadya mopitirira n'kudzimbidwa, komanso m'misakanizo ya mkodzo wotentha ndi wowawa potuluka.

Nanga a sayansi apeza chiyani? M'chipatsochi muli mankhwala angapo odziwika, ndipo awiri amene boma la China limayezera ubwino wake ndi phillyrin ndi forsythoside A uja. M'labotale, madzi a lianqiao amalepheretsa mabakiteriya ena kuswana, kuphatikizapo Staphylococcus aureus amene amayambitsa zithupsa zambiri, ndipo pa mbewa za kafukufuku amachepetsa kutupa ndi kutentha thupi. Zimenezi zikugwirizana bwino ndi zimene asing'anga ankanena, ndipo n'zosangalatsa. Koma kambale ka m'labotale si thupi la munthu. Chimene chapha kachilombo m'kambale chikamezedwa chimadutsa m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo chofika kukhosi kapena pachithupsa chikhoza kukhala chochepa zedi.

Pa anthu, kafukufuku amene ine ndimamudalira kuposa ena anachitika pa mliri wa chimfine cha H1N1 cha mu 2009, ndipo anasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya madokotala ya Annals of Internal Medicine. Odwala 410 m'zipatala 11 za ku China anawagawa m'magulu anayi. Amene sanalandire mankhwala olimbana ndi chimfinecho thupi linkazizira patatha maola 26. Amene anamwa oseltamivir, mankhwala achizungu a chimfine, nthawiyo inafupika ndi 34 pa 100 alionse. Amene anamwa msakanizo wa Yin Qiao San ndi msakanizo wina wotchedwa Maxing Shigan inafupika ndi 37 pa 100. Amene anamwa zonse pamodzi ndi 47 pa 100. Zotsatirazi si zonyozeka. Komabe odwalawo ambiri anali achinyamata odwala pang'ono, ankadziwa chimene akumwa, ndipo chimene chinafupika ndi kutentha thupi basi. Onaninso kuti anayesa msakanizo wa zitsamba zambiri, osati lianqiao payekha. Choncho mukandifunsa kuti kodi amachizadi, yankho langa ndi lakuti misakanizo imene ali mkati ikhoza kupeputsa chimfine chopepuka ndi kuchifupikitsa pang'ono kwa munthu wamkulu. Kupitirira pamenepo, pa chibayo, malungo, TB kapena nthenda ina yoopsa, umboni woti munthu aikepo moyo wake palibe.

Anthu a ku China eni ake anaonapo mmene chiyembekezo chimathamangira patsogolo pa umboni. Usiku wa pa 31 Januwale 2020 kunatuluka nkhani yoti mabungwe awiri a kafukufuku, lina la ku Shanghai ndi lina la ku Wuhan, apeza kuti mankhwala akumwa a Shuanghuanglian, amene ndi jinyinhua, muzu wa huangqin ndi lianqiao, amaletsa kachilombo ka korona. Kusanache anthu anali ataima pamizere m'mafamase, pa intaneti katundu yense atatha. Kenako zinamveka kuti kuyesako kunali kwa m'labotale chabe. Shuanghuanglian yemweyo alinso wa jakisoni ndi wa diripi, ndipo ameneyo wakhala akuchititsa anthu ena kutupa, kubanika ndi kukomoka thupi likamukana, moti mu 2018 boma la China linalamula kuti asabayidwe kwa ana a zaka zinayi kutsika m'munsi ndi kwa amayi oyembekezera. Munthu aliyense akadzakuuzani kuti ali ndi jakisoni wa zitsamba wa ku China, kanani.

Tiyeni titsegule timabokosi tanu. Lianhua Qingwen anapangidwa mu 2003 pa nthawi ya mliri wa SARS ndi kampani ya Yiling ya mumzinda wa Shijiazhuang. Pa dzinalo, lian ndi lianqiao, hua ndi jinyinhua, koma m'kapisozimo muli zinthu 13. Mu Epulo 2020 boma la China linavomereza kuti azigwiritsidwa ntchito pa zizindikiro za COVID-19 wopepuka, monga kutentha thupi, chifuwa ndi kufooka. Kafukufuku wa odwala 284 wa chaka chomwecho anaonetsa kuti zizindikiro zinkatha msanga, koma panalibe gulu lomwa makapisozi ongofanizira, sanaonetse kuti amateteza munthu kuti asadwale mwakayakaya, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mmodzi mwa olemba anali ndi ubale ndi kampaniyo umene sunalembedwe poyamba. Chimene chikukhudza bambo a kunyumba ndi chosakaniza chotchedwa mahuang, chimene pakabokosi chingalembedwe kuti Ephedra. Muli ephedrine, amene amathamangitsa mtima ndi kukweza BP, ndipo ku America analetsa kugulitsa mankhwala oonjezera m'thupi okhala ndi ephedrine mu 2004. Mulinso gancao, amene akamwedwa nthawi yaitali amasungitsa madzi ndi mchere m'thupi, BP n'kukwera. Mulinso muzu wa dahuang umene umatsegula m'mimba. Munthu amene akumwa kale mankhwala a BP m'mawa uliwonse safunika zinthu zokoka chingwe mbali ina. Chimodzimodzi amene ali ndi vuto la mtima, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa.

Kabokosi ka VC Yinqiao ndi kamene kamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kamaoneka kofatsa. Anthu amaona dzina la zitsamba ndi vitamini C, n'kuganiza kuti ndi zachilengedwe zokhazokha. Ayi. M'piritsi lililonse muli paracetamol, amene ndi Panado yemweyu, mamiligalamu 105, komanso chlorphenamine, amene ndi piritoni. Ndiye thupi likazizira mutamwa, mbali ina ndi ntchito ya Panado. Tulo tikakugwirani, ndi piritoni. Vuto limabwera munthu akamwa mapiritsiwa, n'kuonjezera Panado awiri kanayi patsiku, n'kugulanso mankhwala ena a chimfine pa golosale amene nawonso ali ndi paracetamol. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu anayi a paracetamol patsiku, ndipo wopitirira amaononga chiwindi mwakachetechete, zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita masiku. Amene amamwa mowa kapena ali ndi nthenda ya chiwindi malire ake ndi otsika kuposa pamenepo. Woyendetsa galimoto kapena kabaza asamwe ali pa ntchito chifukwa cha tulo. Kwa mwana wa zaka zitatu, muyezo wa paracetamol umatengera kulemera kwake, ndipo piritsi losakaniza chonchi silinapangidwire msinkhu umenewo.

Za mwanayu ndibwerezenso, chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Wu Jutong ankalemba za miliri ya kwawo. Kuno, kutentha thupi kwa mwana wosakwana zaka zisanu timayamba taganiza malungo, ndipo malungo pa tsiku loyamba amafanana ndi chimfine: mutu, kufooka, kukana kudya. Mukampatsa piritsi lokhala ndi Panado thupi lizizira, inu mtima n'kukhala pansi, koma tizilombo tikuswana m'magazi. Kuyeza kwa kadontho ka magazi ka pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20 zokha. Ndipo onani chinthu ichi: LA amene mwanayo angalandire akapezeka ndi malungo, amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, nayenso kwawo ndi ku China. Artemether anachokera ku chitsamba cha qinghao, chimene mayi Tu Youyou ndi anzake anachifufuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 atawerenga buku la sing'anga wakale Ge Hong la zaka za m'ma 300, ndipo mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Lumefantrine, mnzake wa m'piritsi lomwelo, anapangidwanso ndi akatswiri a ku Beijing. Mankhwala a LA anayesedwa mpaka muyezo wake unadziwika pa kilogalamu iliyonse ya mwana. Lianqiao sanafike pamenepo.

Kwa inuyo, mayi, ngati mulibe BP, simuli oyembekezera kapena oyamwitsa, ndipo mwayezetsa malungo osapezeka, chimfine cha kukhosi kofiira chija chikakugwirani mukhoza kumwa mankhwala a m'kabokosi kamodzi mwa tiwirito motsatira muyezo wolembedwa, osati tonse pamodzi, ndiponso osapitirira masiku atatu ngati simukuona kusintha. Mukayamba zidzolo, kuyabwa kapena kutupa milomo, siyani pomwepo mupite kuchipatala. Ngati m'mimba mwanu simuchedwa kutseguka mukadya zozizira, dziwani kuti asing'anga a ku China omwe amapewa kupereka lianqiao kwa munthu wotero. Chipatso chenichenicho akamachiphika, muyezo wake kwa wamkulu ndi magalamu 6 mpaka 15 patsiku, ndipo sachipereka chokha kapena kwa milungu yambiri ngati tiyi wolimbitsa thupi; ndi cha masiku ochepa a nthenda. Abale athu a ku Britain amene amaona forsythia wachikasu m'mipanda ya nyumba mu Marichi asathyole n'kuphika: ambiri mwa amenewo ndi mtundu wosakanizidwa wongokongoletsa, ndipo nthawi zambiri sabala zipatso zokwanira.

Musanamwe, yang'anani madeti. Ku China amayamba kulemba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo pakabokosi pamakhala deti lopangira ndi deti lothera, ndiye n'kosavuta kusokoneza. Payeneranso kukhala nambala ya chilolezo cha boma la China, imene pa mankhwala azitsamba imayamba ndi chilembo Z chotsatiridwa ndi manambala asanu ndi atatu. Ikasowa, musamwe. Alamu anu muwauzenso mwaulemu kuti kubweretsera abale kabokosi ndi nkhani ina, koma kugulitsa mankhwala kuno kumafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Tengani timabokosito pamodzi ndi mapiritsi a BP a bambo, mukaonetse wa ku famase kapena adokotala awo pa tsiku lokayezetsa, aone zonse zili pa tebulo limodzi.

Mwati mwanayo amatentha thupi pafupipafupi. Zimenezo pazokha zikufunika kuonedwa, ngakhale tsiku limene ali bwino. Tengani buku lake la kuchipatala, mukumbukire kuti watentha kangati miyezi itatu yapitayi ndipo anayezedwa chiyani, ndiye mukapemphe kuti amuone m'makutu, kukhosi ndi mkodzo, amuyeze kuchuluka kwa magazi, ndiponso aone ngati sikelo yake ikukwera. Usiku azigona m'neti, ndipo timabokosito muike pamwamba pa kabati pamene sangafikire, chifukwa mapiritsi ena a Yinqiao amakutidwa ndi shuga ndipo mwana amawayesa maswiti.